Agalu m'masitolo a zakudya: malamulo akuti chiyani?

M'mizinda yambiri ya ku America ndi ku Ulaya, galu amatengedwa ngati mmodzi wa m'banja. Amagona m'nyumba, amakwera galimoto limodzi ndi mwini wake, ndipo eni ena amafuna kulowa naye ngakhale m'sitolo mogulitsa buledi, nyama ndi ndiwo zamasamba. Khalidweli labweretsa mkangano pakati pa eni agalu, eni masitolo ndi akuluakulu oona zaumoyo. Malamulo a mayikowa amasiyanitsa mitundu iwiri ya agalu: galu woweta chabe, amene nthawi zambiri saloledwa, ndi galu wophunzitsidwa kuthandiza munthu waulumali, amene sitolo siyenera kumubweza pakhomo.

Chifukwa choletsera

Chifukwa chachikulu ndi ukhondo wa chakudya. Galu angathe kuoneka wathanzi koma ali ndi tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba, monga Salmonella ndi Campylobacter, timene timatuluka m'chimbudzi chake. Chiopsezochi chimakula mwa agalu amene amadyetsedwa nyama yaiwisi. Palinso njoka zam'mimba zotchedwa Toxocara, zomwe mazira ake angathe kudwalitsa munthu, makamaka mwana. Popeza galu amadzinyambita thupi lonse, tizilomboti tingapezekenso pakamwa ndi paubweya wake.

M'sitolo, zakudya zambiri zimakhala poyera ndiponso m'munsi, pamene mphuno ya galu ikhoza kufika. Zina mwa izo, monga zipatso ndi buledi, munthu amadya osaphika. Wogulitsa akasisita galu kenako n'kugwira chakudya asanasambe m'manja, angathe kusamutsa tizilombo. Chimodzimodzi galu akaikidwa m'kangolo koikamo katundu: wogula wotsatira adzaika chakudya chake, mwinanso mwana wake, pamalo omwewo.

Palinso zifukwa zina. Anthu ena matupi awo sagwirizana ndi malovu ndi mfundu ya pakhungu la galu, moti amayetsemula, kutupa maso kapena kubanika. Ena amangoopa agalu. Komanso galu wosazolowera chigulu cha anthu angathe kuluma munthu kapena kudziyipitsira pansi.

Lamulo la ku America

Ku United States, bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala la Food and Drug Administration limasindikiza ndondomeko yotchedwa Food Code. Ndondomekoyi payokha si lamulo lomanga dziko lonse, koma zigawo za dzikolo zimatengapo malamulo awo. Ndime 6-501.115 imaletsa nyama zamoyo pamalo ochitirapo malonda a zakudya, kupatulapo zochepa: nsomba zosungidwa m'madzi, agalu a apolisi ndi alonda amene ali pantchito, ndi agalu othandiza anthu aulumali, bola asalowe kokonzera chakudya.

M'zaka zapitazi malamulo afewetsedwa pang'ono pankhani ya malo odyera apanja. Chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo lolola agalu oweta pakhonde la malo odyera m'chaka cha 2014, ndipo New York inatsatira mu 2015. Mu 2022 Food Code nayo inavomereza zimenezi, pokhapokha akuluakulu a m'deralo atalola. Koma kufewetsaku sikukhudza mkati mwa sitolo yogulitsa zakudya, momwe galu woweta ndi woletsedwabe.

Galu wothandiza waulumali

Ufulu wolowa ndi galu wothandiza umachokera m'lamulo la anthu aulumali la Americans with Disabilities Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 1990. Malinga ndi ndondomeko zimene zinayamba kugwira ntchito mu 2011, galu wothandiza ndi amene anaphunzitsidwa ntchito inayake yokhudza ulumali wa mwini wake. Ntchitoyo ingakhale kulondolera njira munthu wosaona, kudziwitsa wosamva kuti kwamveka phokoso, kutola zinthu zimene woyenda panjinga ya aulumali wagwetsa, kapena kuteteza wodwala khunyu akagwa.

Ntchito imeneyi ili ndi mbiri yaitali. Sukulu yoyamba yophunzitsa agalu olondolera osaona inatsegulidwa mumzinda wa Oldenburg ku Germany mu 1916, pofuna kuthandiza asilikali amene anachita khungu pankhondo yoyamba yapadziko lonse. Ku America, sukulu ya The Seeing Eye inayamba mu 1929. Kwa munthu wodalira galu wotere, kumuuza kuti amusiye panja kuli ngati kumulanda ndodo yake yoyendera.

Ngati ntchito ya galuyo sikuonekeratu, wogwira ntchito m'sitolo amaloledwa kufunsa mafunso awiri okha: ngati galuyo akufunika chifukwa cha ulumali, ndiponso ntchito imene anaphunzitsidwa. Saloledwa kufunsa mtundu wa ulumaliwo, kuitanitsa chikalata, kapena kulamula kuti galuyo asonyeze luso lake. Lamulo silikakamizanso galuyo kuvala chizindikiro chilichonse. Mantha a ogula ena, ngakhale kusagwirizana kwa matupi awo ndi galu, si chifukwa chomveka chomukanira.

Ufuluwu uli ndi malire ake. Sitolo ikhoza kutulutsa galu amene wasowa khalidwe ndipo mwini wake akulephera kumuletsa, kapena amene amadziyipitsira paliponse, koma munthuyo ayenera kuloledwa kupitiriza kugula popanda galuyo. Sitolo sikakamizidwanso kulola galu m'kangolo koikamo katundu: ayenera kuyenda pansi kapena kunyamulidwa ndi mwini wake. Galu amene ntchito yake ndi kungosangalatsa kapena kukhazika mtima pansi mwini wake pokhala naye pafupi, popanda maphunziro apadera, sawerengedwa m'gulu la agalu othandiza.

Vuto la chinyengo

Popeza palibe chikalata chimene sitolo ingaitanitse, eni agalu ena amapezerapo mwayi. Amagula pa intaneti tizovala tolembedwa kuti galuyo ndi wothandiza, n'kulowa naye m'sitolo. Ogwira ntchito ambiri amangoyang'ana poopa kuimbidwa mlandu wa tsankho.

Amene amavutika kwambiri ndi chinyengochi ndi anthu aulumali eni ake. Galu wosaphunzitsidwa akauwa kapena kulumphira galu wolondolera wosaona, amamusokoneza pantchito, ndipo moyo wa mwini wake umakhala pangozi. Galu amene walumidwa kapena kuopsezedwa angathe kulephera kugwiranso ntchito, pamene kumuphunzitsa kumatenga pafupifupi zaka ziwiri. Komanso eni masitolo akanamizidwa kangapo amayamba kukayikira aliyense wobwera ndi galu, ngakhale amene ali ndi ufulu wonse.

Pachifukwachi zigawo zambiri zinakhazikitsa zilango. Ku California, wonama kuti galu wake ndi wothandiza angathe kulipitsidwa chindapusa chofika madola 1,000 kapena kukhala m'ndende mpaka miyezi 6. Ku Florida, chilango chimafika madola 500 kapena masiku 60 m'ndende, kuphatikizapo maola 30 ogwira ntchito yothandiza anthu.

Mmene zilili ku Britain

Ku Britain kulibe lamulo loletseratu agalu m'sitolo iliyonse ya zakudya. Lamulo la ukhondo wa chakudya la nambala 852/2004, lomwe linachokera ku European Union, limangolamula mwini bizinesi kuonetsetsa kuti ziweto sizikufika kumene chakudya chikukonzedwa kapena kusungidwa. Zotsalazo zili m'manja mwa mwini malo. N'chifukwa chake malo ambiri omwera tiyi ndi mowa amalandira agalu, pamene masitolo akuluakulu a zakudya amalola agalu othandiza okha. Kukaniza munthu waulumali kulowa ndi galu wake kungakhale kuphwanya lamulo la Equality Act la 2010.

Kumene chiwewe chikadalipo

Mayiko amene atchulidwawa anathetsa chiwewe chofala pakati pa agalu, motero mkangano wawo umathera pa ukhondo ndi ufulu. Ku Malawi, monganso m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia, chiwewe chikadali vuto. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo pafupifupi onsewo amaitenga kwa agalu. Kumalo otere, galu wofika pamene anthu asonkhana kudzagula chakudya amabweretsa funso linanso, lakuti kodi analandira katemera kapena ayi.