Mbiri ya Mpingu ili m'mabokosi a agogo

Mawu akuti okushoni akamveka ku Mpingu, maganizo a munthu amathamangira ku Kanengo, kumene mabelo a fodya amandandalikidwa kudikira ogula. Komatu kuli okushoni ina imene safuna fodya ngakhale tsamba limodzi. Ku London, makampani monga Spink ndi Stanley Gibbons amagulitsa masitampa, ndalama zakale, makalata ndi ziphaso za masheya a makampani amene anatha kalekale. Pakati pa katunduyo pamapezekanso mapepala a dziko lino, olembedwa British Central Africa kapena Nyasaland, ndipo anthu amalimbirana mtengo wake.

Chimodzi mwa zinthu zimene ogula amazisakasaka ndi sitampa ya mu 1898. Chaka chimenecho masitampa a kobiri limodzi anasowa, choncho akuluakulu a positi anatenga chidindo chimene ankadinda pa macheke n'kupanga nacho masitampa ongogwirizira. Ena anadindidwa chozondoka. Kulakwitsa kumeneko lero ndi chuma, pakuti sitampa imodzi yotere imagulidwa mapaundi zikwizikwi.

Nanga mapepala oterewa anafika bwanji m'midzi ya kuzambwe kwa Lilongwe? Oyamba anabwera ndi msonkho. Boma la Harry Johnston linakhazikitsa msonkho wa nyumba, umene mu 1894 unali masheleni atatu, ndipo pang'onopang'ono unafalikira mpaka chigawo chapakati. Wokhoma ankapatsidwa chiphaso. Kapepalako kankasungidwa mosamala kwambiri, ena m'kachitini, ena m'nsungwi yotsekera pakamwa n'kuitsomeka kudenga, chifukwa amesenjala akafika m'mudzi, wopanda chiphaso ankagona kuthengo.

Kenaka kunabwera fodya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, A.F. Barron ndi R.W. Wallace anayamba kugawa mbewu ya fodya wochiza ndi utsi kwa alimi ozungulira esiteti ya Mbabzi. Ulimiwo unakula mofulumira mwakuti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti lizilemba alimi m'kaundula ndi kuyang'anira misika. Kuyambira pamenepo mlimi anakhala ndi khadi, nambala, ndi kapepala kosonyeza kulemera kwa fodya wake ndi mtengo umene wapatsidwa. Bungwelo linasintha mayina mpaka kukhala Farmers Marketing Board mu 1962, kenaka ADMARC mu 1971. Mukasanja malisiti a banja limodzi chaka ndi chaka, mumaona bwino lomwe kuti mlimi ankalandira zingati, n'kuyerekeza ndi mtengo umene fodya yemweyo ankagulitsidwa nawo ku okushoni ya ku Limbe, imene inayamba mu 1938. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo kumafotokoza chifukwa chake midzi yolima fodya wambiri inakhalabe ya nyumba zaudzu.

Ndalama nazo zinasintha nkhope kangapo. Akuluakulu amakumbukira kobiri lobowola pakati la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, limene ana ankalimanga m'khosi ndi chingwe. Ufulu utabwera mu 1964, Malawi anakhala ndi mapaundi akeake. Pa susu panali tambala, pa sheleni panali chimanga, pa masheleni awiri panali njovu. Mu 1971 kunadza kwacha ndi tambala, paundi imodzi n'kusinthidwa makwacha awiri. Ndalama zapepala za zaka zimenezo, zokhala ndi nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, zimagulitsidwa lero pa eBay ndi m'maokushoni akunja. Chimene ogula amayang'ana kwambiri ndi kusamalika kwake. Pepala losapindidwa, lopanda dontho la mafuta kapena dzimbiri la pini, limaposa kutali mtengo wa linzake la chaka chomwecho limene linayenda m'mipango ya amayi kumsika.

Dera la Mpingu lili ndi pepala linanso limene madera ambiri alibe. Mu 1968 kunayamba chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme ndi thandizo la World Bank. Pogwiritsa ntchito malamulo a malo a mu 1967, minda ya kuzambwe kwa Lilongwe inayezedwa, miyala ya malire n'kuzikidwa, ndipo malo analembedwa m'dzina la banja pa dongosolo lotchedwa ndunda. Mpaka lero, mkangano wa munda ukafika pabwalo la mfumu kapena kukhoti, funso limakhala lakuti mapepala a ndunda ali ndi yani.

Musaiwale mapepala a ku Joni. Anyamata ambiri a ku Nsaru, Kabudula ndi Namitete anapita kumigodi kudzera ku Wenela. Ulendowo unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, kenaka unayambiranso pansi pa dzina la TEBA mpaka 1988. Ambiri atabwerera kwawo anaponya makadi awo m'bokosi n'kuwaiwala. Koma mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa marandi 5 biliyoni wolipira anthu amene anadwala matenda a m'mapapo m'migodi ya golide, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo limayendetsa chipukutamisozicho. Umboni woti munthu anagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti ndiwo umatsegula khomo. Mabanja amene anasunga khadi ya bambo awo ali ndi poyambira.

Palinso chifukwa chachikulu chimene mapepala a m'midzi alili ofunika. Mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda zinapsa. Nyumba yosungira zolemba zakale ya National Archives inatsegulidwa ku Zomba komweko mu 1947, ndipo bungwe la Society of Malawi lili ndi laibulale yake ku Mandala House mu Blantyre. Koma zambiri zimene zili kumeneko zinalembedwa ndi olamula. Mbali ya wolamulidwa ili pa chiphaso cha msonkho, pa kabuku ka ndalama ka ku positi ofesi, pa khadi ya chipani imene munthu ankaonetsa polowa mumsika, ndi pa kalata yochokera ku Harare yonena kuti ndalama za malata zatumizidwa.

Adani a mapepalawa ndi odziwika: chiswe, njenjete, denga lodontha, ndi mdzukulu wofuna pepala lopichirira chingambwe. Mwini bokosi akamwalira, achibale amagawana zovala ndi ziwiya, mapepala n'kuwasesera kudzala.

Choncho inu a ku Mpingu, tsegulani bokosi la agogo iwo akadali moyo kuti akuuzeni nkhani ya pepala lililonse. Mapepalawo musawamate ndi selotepi. Aikeni mu envulopu youma, pamalo okwera, ndipo muwajambule ndi foni. Wina akabwera kudzafuna kugula, musathamangire ndalama. Yambani mwafunsa a ku National Archives kuti mudziwe chimene muli nacho.