MAKINA OGWIRA MAU NDI MBIRI YA KU FEIRA

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi pali boma lakale la Feira, limene masiku ano lichedwa Luangwa. Dzina lakuti Feira ndi la Cipwitikizi, tanthauzo lace ndi msika, pakuti m'zaka za ma 1700 amalonda a ku Zumbo, tsidya lija la Luangwa, anali kugula minyanga ndi akapolo kumeneko. M'January 1856 David Livingstone anafika pamalopo, napeza mabwinja a nyumba zamiyala ndi belo losweka la chalichi. Za belolo analemba m'buku lace, ndipo anthu aziwerenga kufikira lero. Koma mau a anthu a Mfumu Mburuma amene anamuolotsa, malankhulidwe ao ndi nyimbo zao, zinapita ndi mphepo, cifukwa makina ogwira mau anali asanapangidwe. Thomas Edison anawapanga mu 1877, ndipo panapita zaka zambiri asanafike m'midzi ya kuno.

Wailesi ya ku Lusaka inayamba mu 1941, Harry Franklin akuitsogolera, kuti anthu amve za nkhondo imene ana ao anapitako. Mu 1949 inafika wailesi yochipa ija ya Saucepan Special, ya mapaundi 5, imene inalowa m'nyumba zambiri za m'makomboni a ku migodi. Tsono munthu amene wasiya kwao zaka zisanu sakhuta ndi nyimbo za Azungu. Afuna ng'oma ya kwao. Motero anyamata a wailesi anayamba kuyenda m'midzi kukajambula mau. Wodziwika koposa ndiye Alick Nkhata, msilikali wakale wa ku Burma, amene anaphunzira nchitoyi poyenda ndi Hugh Tracey.

Makina oyamba anali katundu wa galimoto. Anafuna injini ya magetsi, ndipo injiniyo anali kuiika patali, pa nthambo yaitali, kuti phokoso lace lisalowe m'nyimbo. Kumene kunalibe mseu wabwino kunali kobvuta kufikako, ndipo cigwa ca Zambezi ndi dziko lamapiri, lotentha. Zinthu zinasintha pamene anapanga makina a mabatire onyamula paphewa, monga Nagra ya Stefan Kudelski ya mu 1951. Makina otere akhoza kukwera bwato.

Koma pali kacipangizo kamodzi kamene mbiri siikachula kawirikawiri, ndiko mahedifoni, zomvera zija zimene wojambula abvala kumakutu. Anthu a m'mudzi akamuona atatseka makutu onse awiri angayese kuti nyimbo yamtopetsa. Iai, ndiye amene akumva koposa onse. Khutu la munthu lisankha: mai amva kulira kwa mwana wace pakati pa msika, ndipo wa mumgodi amva mau a mnzace cinkana cibowolero cikulira. Maikolofoni alibe nzeru imeneyo, angomeza zonse. Kamphepo ka pamtsinje, kamene munthu sakasamala, m'maikolofoni kamveka ngati bingu. Mvuu ikalira kutali, nkhuku ikatetera kuseri kwa nkhokwe, cala ca wojambula cikakhudza nthambo, zonsezo zikhala pa tepi mpaka kale. Wojambula wosabvala mahedifoni amva ndi khutu lace losankha lija, nabwerera ku Lusaka mtima uli mbee, ndi kukapeza kuti wanyamula mphepo yokhayokha, oyimba ali kutali makilomita mazana.

Ng'oma ndiyo ibvuta kwambiri. Ikayandikira maikolofoni iphimba mau a akazi othirira mang'ombe, ndipo tepi ikalandira phokoso lopyola muyeso mau asweka, osakonzekanso. Kalimba ndi wosiyana: mau ace ngaang'ono, ofuna kuti maikolofoni afike pafupi ndi zala. Mabatire akayamba kutha tepi iyenda pang'onopang'ono, ndipo poiseweza pa makina ena nkhalamba imveka ngati kamnyamata. Zambiri za izi wojambula azigwira ndi makutu nthawi ikalipo, nauza oyimba kuti abwereze. Tracey anali kugwira maikolofoni m'manja, ndi kuyenda nao pakati pa oyimba, ndipo akatha anali kuwasewezera nyimbo yao kuti adzimve okha. Uwu unali ulemu woyenera, pakuti mwini nyimbo ndiye adziwa ngati yatuluka bwino.

Nchitoyi siinali kulola cizengerezo. Mu 1957 Tracey anajambula nyimbo za Atonga a m'cigwa ca Gwembe, kumtunda kwa Feira, ndipo m'caka cotsatira khoma la Kariba linatsekedwa, madzi nayamba kumiza midzi imene ng'omazo zinaliramo. Mu 1961 John Blacking anajambula kalimba wa Ansenga a ku Petauke. Kumunsi nakonso damu la Cahora Bassa linatsekedwa mu 1974, ndipo madzi ace afika kufupi ndi Zumbo.

Mbiri ya Acikunda, amene ali ambiri ku Feira, inakhala nthawi yaitali m'makalata a Apwitikizi okha, m'mene aoneka ngati akapolo onyamula mfuti za ambuye ao monga Kanyemba ndi Matakenya. Allen Isaacman anayamba kufunsa nkhalamba za m'cigwa ca Zambezi mu 1968, ndipo mu 2004 iye ndi Barbara Isaacman anatulutsa buku lochedwa Slavery and Beyond, lotsamira kwambiri pa mau a zidzukulu za Acikundawo. M'menemo aoneka monga adziona eni ace: alenje a njobvu, opalasa ngalawa odziwa mathithi, anthu amene anadzipangira mtundu kucokera mu ukapolo.

Alick Nkhata anaphedwa mu 1978 kufupi ndi Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe. Caka comweco asilikali omwewo anaukira Kavalamanja, m'boma la Feira. Matepi a Tracey asungidwa ku Rhodes University, mu mzinda wa Makhanda ku South Africa.