Moto wa pa chitofu chanu uli ndi mbiri yake

Abale ndi alongo a kuno ku Birmingham, tsiku lina mukamadutsa mu Broad Street mudzakhotereko mu Gas Street, kamsewu kolowera kumene kumaima maboti a m'ngalande. Umenewu ndiye msewu woyamba mumzinda muno kuwala ndi nyale za gasi, ndipo nyumba imene ankawotcheramo malasha, yomangidwa mu 1822, idakalipo.

Gasi wa masiku amenewo ankachita kuphika. Ankatsekera malasha m'zitsulo n'kuwatentha popanda mpweya wolowa, monga owotcha makala kwathu amakwiririra nkhuni ndi dothi, kungoti iwowa chimene ankafuna chinali utsiwo. Amene anaonetsa kuti utsi umenewu ungaunikire nyumba ndi William Murdoch wa ku Scotland, mmisiri wa kampani ya Boulton ndi Watt. Anayamba ndi nyumba yake ku Redruth mu 1792, kenaka fakitale ya Soho Foundry ku Smethwick, ndipo mu 1802 anthu anakhamukira ku Soho kukaona nyale zake pa chikondwerero cha mtendere ndi dziko la France.

Nkhani imene ine imandigwira mtima ndi ya 1875. Gasi wa mumzinda anali m'manja mwa makampani awiri, ndipo meya Joseph Chamberlain anakakamiza khonsolo kuti iwagule onse. Ena ankati akumiza mzinda m'ngongole. Koma gasiyo anayamba kupindula msanga, phindu lake n'kumabwerera kwa eni mzinda. Mukalowa mu Birmingham Museum and Art Gallery, dziwani kuti nyumbayo, imene anatsegula mu 1885, anaimanga pamwamba pa maofesi a dipatimenti ya gasi. Wolipira bilu ankatha kuona ndi maso ake kumene ndalama yake yapita. Nanga ife lero tingaloze kuti?

Tisaukometse kwambiri. Gasi wa malasha anali ndi poizoni yemwe uja amapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka, ndipo anthu a ku Saltley ndi ku Nechells, kumene kunali mafakitale ake, ankakhalira kupuma fungo ndi mwaye. Mu 1949 boma linatenga gasi yense m'dziko muno, wa kuno n'kukhala pansi pa West Midlands Gas Board.

Kusintha kwakukulu kunadzera panyanja. Gasi wa pansi pa nthaka mukamuziziritsa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro amasanduka madzimadzi, ndipo amachepa ka 600, moti atha kukwera sitima. Ameneyu ndiye LNG. Mu 1959 sitima ya Methane Pioneer inabweretsa katundu woyamba wotere kuchokera ku Louisiana kufika ku Canvey Island, ndipo mu 1964 wina anayamba kubwera kuchokera ku Algeria. Chaka chotsatira, gasi anapezeka pansi pa North Sea.

Gasi watsopanoyu ankayaka mosiyana ndi wakale, choncho kuyambira 1967 mpaka 1977 amisiri anayenda khomo ndi khomo kusintha zitofu ndi zotenthetsera nyumba pafupifupi 40 miliyoni. Mukacheza ndi agogo a kuno a m'dera lanu, ena akuuzani za tsiku limene amisiriwo anawagogodera. Mafakitale a malasha aja anatsekedwa. Anangotsala matanki akuluakulu ozungulira, monga a ku Windsor Street amene anapakidwa utoto wa timu ya Aston Villa, ndipo nawonso anagwetsedwa.

Mu 1986 boma la Margaret Thatcher linagulitsa British Gas. Nthawi imeneyo gasi anali mbwee, ndipo ochepa ankafunsa za mawa. Koma chitsime chinayamba kuphwa: pofika 2004 dziko lino linkagula gasi wochuluka kuposa amene linkagulitsa kunja. Sitima zinabwerera. Doko la Isle of Grain linayamba kulandira LNG mu 2005, madoko awiri a ku Milford Haven mu 2009, ndipo gasi wa ku Qatar ndi wa ku America anayamba kulowa m'mapaipi limodzi ndi wa ku Norway.

Apa ndi pamene mbiriyi ikufika m'thumba lanu. Paipi imakafika kumene anaikumbira basi, koma sitima imatha kukhota pakati pa nyanja n'kulunjika kwa amene wapereka zambiri. Dziko la Russia litalowa mu Ukraine mu 2022, maiko a ku Ulaya anayamba kulimbirana sitima zomwezo. Malire a bilu ya gasi ndi magetsi ya banja wamba, amene bungwe la Ofgem limaika, anali £1,277 pachaka mu October 2021. Pofika April 2022 anali £1,971, ndipo mu October boma linachita kulowererapo kuti iime pa £2,500. Inu a mita yolipiriratu, yonga ya ESCOM ija, mukukumbukira kugona mutavala jekete kuti pakhale yotumiza kumudzi.

Maofesi akuluakulu a malondawa adakali pafupi nafe: Cadent, eni mapaipi a m'misewu yathu, ali kufupi ndi Coventry, pomwe National Gas ndi Calor ali ku Warwick. Calor amagulitsa LPG, gasi wa m'masilinda amene boma la Malawi likulimbikitsa kuti alowe m'malo mwa makala. Ndi wosiyana ndi LNG, ngakhale maina akufanana. Koma gasi weniweniyo akuchokera kutali, ndipo tsopano ndi kufupi ndi kwathu. Mu November 2022 sitima yoyamba ya LNG inanyamuka pa Coral Sul, kunyanja ya Cabo Delgado ku Mozambique. Gasi yense wa pamenepo anagulidwiratu ndi kampani ya BP ya ku London, pomwe ku Mangochi ndi ku Lichinga nsima ikupsabe pa mafuwa.