Mjigo: mmene umagwirira nchito ndi kasamalidwe kake

Mjigo ndi pampu yopopa ndi manja imene imakweza madzi kucokera pansi pa nthaka. Ena amati bomba. Mijigo yambiri m'midzi ya Mozambique ndi ya mtundu wa Afridev. Mtunduwu unayambira ku Malawi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, kenaka unakonzedwanso ku Kenya. Umatha kukweza madzi pa citsime cakuya mamita 45. Anaupanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuukonza okha.

Kuno ku Nsadzo, mjigo ukafa amayi amabwerera kukatunga kudambo, ndiye matenda otsegula m'mimba sacedwa kulowa m'nyumba. Komatu mjigo sufa mwadzidzidzi. Umayamba wacenjeza.

Zimene zili m'kati

Pansi pa citsime pali silinda. M'kati mwa silinda muli pulanja, imene imakwera ndi kutsika. Ndodo zacitsulo, zimene timati marodi, zimalumikiza pulanja ndi handulo. Mukatsitsa handulo, pulanja imakwera itasenza madzi. Pa pulanja pali kamphira kozungulira, dzina lake yu-silo, kamene kamaletsa madzi kuthawira m'mbali. Pansi pa pulanja pali futuvavu. Iyi ili ngati citseko: imalola madzi kulowa koma siilola kuti abwerere.

Kuyamba kupopa

Mjigo ukakhala watsopano kapena wangokonzedwa kumene, musathamangire kumwa. Popani mpaka madzi ayere mbee. Popopa, imani kumbuyo kwa handulo. Ikwezeni ndi kuitsitsa mokwanira, modekha, osaimenyetsa. Kupopa mwacidule mogwedezagwedeza kumadya zitsulo msanga. Ana asamalendewere pa handulo.

Mayeso awiri a mwezi uliwonse

Mayesowa safuna ndalama. Amangofuna kuwerenga basi.

Coyamba, popani mpaka madzi atuluke. Siyani mjigo kwa mphindi 30. Yambaninso kupopa uku mukuwerenga. Ngati mwapopa kopitirira ka 5 madzi asanatuluke, ndiye kuti penapake pakudontha, pa futuvavu kapena pa mapaipi.

Caciwiri, madzi akayamba kutuluka, cherani ndowa ya malita 20. Popani ka 40 pa mphindi imodzi. Madzi asacepere malita 15. Akacepa, kawirikawiri yu-silo yatha.

Lembani zimene mwapeza m'kabuku ka komiti ya madzi, pamodzi ndi tsiku lake. Mukayerekeza mwezi uno ndi mwezi watha, mudzaona vuto lisanakule.

Zizindikiro ndi tanthauzo lake

Handulo ikumagwedera uku ndi uku, kapena ikulira: mabushi apulasitiki atha. Sinthani msanga, apo ayi citsulo ciyamba kudya cinzake.

Handulo yapepuka kwambiri ndipo madzi sakutuluka: rodi yamasuka kapena yaduka.

M'mawa madzi akucedwa kubwera: onani timphira ta pa futuvavu.

Madzi akutuluka amatope kapena amcenga: vuto lingakhale m'citsime mwenimwenimo. Mcenga umakanda silinda, conco itanani mmisiri.

Pokonza

Zida zake ndi sipanala ya mjigo ndi mbedza yokokera futuvavu. Musagwire nchitoyi nokha, khalani awiri kapena atatu. Sambani m'manja ndi sopo. Tulutsani marodi imodziimodzi ndipo muwagoneke pamalo aukhondo, osati m'dothi. Gwirani zolimba, cifukwa rodi ikagwera m'citsime kuitola n'kovuta. Poika yu-silo yatsopano, kukamwa kwake kuyang'ane kumwamba. Mukaitembenuza siigwira madzi.

Nchito yozula mapaipi si ya komiti. Imeneyo isiyireni mmisiri wa mijigo. Vuto likakula, komiti ikanene ku ofesi ya SDPI ku Chifunde, imene imayang'anira za madzi m'boma lino.

Ndalama ya mjigo

Timphira ndi mabushi zimatha ngakhale mjigo usamalidwe bwanji. Ndi bwino kuzisintha kamodzi pa caka, zisanatheretu. N'cifukwa cake banja lililonse limasonkha kandalama pamwezi. Msungicuma azilemba aliyense amene wapereka, ndipo aziwerenga kabukuko pamsonkhano anthu onse akumva. Gulani zida zosinthira mjigo usanafe, makamaka mvula isanayambe, misewu ikadali yoyendeka.

Pomaliza, sesani pamjigo tsiku ndi tsiku, tsegulani ngalande kuti madzi asadikhe, ndipo mangani mpanda kuti nkhumba ndi ng'ombe zisafikepo.