Mchezo wa ku Wigan womwe unadyetsa Soft Cell

Mu 1981, Marc Almond ndi Dave Ball, anyamata omwe anadziwanira pa sukulu ya Leeds Polytechnic, anatulutsa chimbale cha Non-Stop Erotic Cabaret pa dzina la Soft Cell. Ball ankadina synthesizer, Almond n'kumaimba, basi. Koma nyimbo yomwe inawatchukitsa, "Tainted Love", sinali yawo. Yemwe anayamba kuijambula ndi Gloria Jones ku America mu 1964, kwawoko osaicheukira n'komwe.

Inatsitsimukira m'madansi a kumpoto kwa England. Achinyamata a m'matauni a mafakitale ankapenga ndi nyimbo za soul zothamanga za oimba akuda a ku America, makamaka zomwe zinakanika pamsika. Mu 1970, mlembi Dave Godin, yemwenso ankagulitsa zimbale ku London, anazitcha "northern soul".

Likulu la gule ameneyu linali Wigan Casino. Kuyambira mu September 1973, mchezo unkayamba 2 koloko usiku n'kutha 8 koloko m'mawa. Mowa sunkagulitsidwa, tulo ena ankathamangitsa ndi mapilitsi. Ovina ankabwera ndi chikwama cha malaya osinthira akanyowa thukuta, ndi paudala wowaza pansi kuti nsapato ziziterera pozungulira ndi potembenuzika. Ma DJ nawo anali aumbombo: akatola chimbale chosowa, ankamata kapepala pa dzina la woimba n'kulembapo labodza kuti anzawo asachipeze. Mmodzi wa iwo, Richard Searling, ndiye anagula "Tainted Love" ali ku America mu 1973.

Ball anakulira ku Blackpool, komwe holo ya Mecca inkalimbirana otsatira ndi Wigan, choncho nyimbozi ankazidziwa. Soft Cell inachepetsa liwiro la "Tainted Love", n'kuika kulira kouma kwa makina pomwe panali magitala ndi malipenga. Pa chimbale chachitali anailumikiza ndi "Where Did Our Love Go" ya The Supremes. Nyimboyi inakhala nambala 1 ku Britain, ndipo ku America komwe inakanidwa kuja inatha masabata 43 pa mndandanda wa Billboard Hot 100. Wigan Casino inatsekedwa mu December 1981.

Njira inali italambulidwa. Mu 1982 Vince Clarke anaphatikiza makina ake ndi mawu okhuthala a Alison Moyet mu Yazoo. Pofika 1985, Annie Lennox ndi Dave Stewart a Eurythmics sanabwerekenso nyimbo, anaitana eni ake: pa chimbale cha Be Yourself Tonight, Aretha Franklin anaimba limodzi ndi Lennox, Stevie Wonder n'kuliza harmonica.