Faindi ya khonsolo ndi malipiro a pamalo a eni ake: kusiyana kwake

Oyendetsa galimoto a m'boma la Rufunsa, lomwe linapatulidwa ku boma la Chongwe, amayenda kawirikawiri mumseu wa Great East kupita ku Lusaka kukagulitsa mbewu kapena kukagula katundu. Kumeneko ena amauzidwa kuti alipire ndalama cifukwa coimika galimoto molakwika. Ndalama zotere ziri mitundu iwiri, ndipo mphamvu zake n'zosiyana.

Mtundu woyamba ndi faindi ya khonsolo. Makhonsolo, monga Rufunsa Town Council ndi Lusaka City Council, amatenga mphamvu zao ku lamulo la Local Government Act la 2019, lomwe limawalola kupanga malamulo a m'madera ao. Lamulo la Markets and Bus Stations Act la 2007 limaikanso misika ndi masiteshoni a mabasi m'manja mwa makhonsolo kapena mabungwe oikidwa mwalamulo. Conco, munthu woimika galimoto pamalo oletsedwa ndi khonsolo waphwanya lamulo. Kukula kwa faindi kumalembedwa m'malamulo, ndipo wolipira ayenera kulandira lisiti ya khonsolo. Wokana mlandu ali ndi ufulu wokadziteteza kukhoti.

Mtundu waciwiri ndi ndalama zimene amapempha eni malo, monga a masitolo akuluakulu, malo ogona alendo ndi mabwalo osungirako magalimoto. Munthu wamba kapena kampani alibe mphamvu yogamula cilango monga boma. Ndalama zao zimacokera pa mgwirizano: woyendetsa akalowa pamalo pamene mtengo walembedwa poonekera, ndiye kuti wavomera mtengowo. Akapanda kulipira, imeneyo ndi ngongole, ndipo mwini malo angathe kukamusumira kukhoti. Woyendetsa amene akuona kuti wacitidwa cinyengo angathe kukadandaula ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe loteteza ogula logwira nchito pansi pa lamulo la 2010.

Nthawi zina khonsolo imalemba kampani kuti iitolerere ndalama m'miseu. Zikatero, mphamvu imakhalabe ya khonsolo.

Motero, woyendetsa asanatulutse ndalama ayenera kufunsa mafunso atatu: malowa ndi a yani, wopempha ndalamayo akuimira ndani, ndipo lisiti idzakhala ndi dzina la yani. Ndalama yoperekedwa popanda lisiti siisiya umboni uliwonse wakuti mlandu watha.