Khadi ya Mafuno Abwino Yopanga Pamanja

Ili ndi pepala lolimba lopinda pakati, lokongoletsedwa ndi zithunzi ndi mawu ofunira munthu zabwino pa ukwati, pa Khirisimasi kapena pa tsiku lobadwa. Wopanga amadinda chithunzi ndi chidindo cha labala, ndipo inki yake ikhale yosasungunuka ndi madzi kuti mizere isafufutike. Inkiyo ikauma, amapaka utoto wosungunula ndi madzi, kuyamba ndi mitundu yowala, yoderako pambuyo. Pepala labwino ndi lochindikala, la magalamu 300 pa sikweya mita, chifukwa lopyapyala limakwinyika likanyowa.

Khadi yoyamba ya Khirisimasi yogulitsa inatuluka ku London mu 1843. Anaijambula John Callcott Horsley atapemphedwa ndi Henry Cole, ndipo mitundu yake ankaipaka pamanja.